Wagundidwa mutu pa mpira koma akudandaula za mtima: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene makochi, makolo ndi anyamata osewera m'matimu a kuno ku Kasungu amakonda kufunsa, makamaka nyengo ya ma bonanza ikafika fodya atagulitsidwa, mabwalo atauma gwa ngati simenti. Ndayankha mmene ndimayankhira tikakhala pansi pa mtengo gemu itatha, koma dziwani kuti tsamba ili sililowa m'malo mwa adokotala amene amuona munthuyo ndi maso.

Sanakomoke, wangodzuka n'kupukusa mutu. Imeneyo ingakhale concussion, kugwedezeka kwa ubongo?

Eya, ndipo nthawi zambiri zimakhala choncho. Mwa anthu 10 amene apanga concussion pamasewero, amene amakomoka ndi mmodzi kapena osafika n'komwe. Chimachitika n'chakuti ubongo umagwedezeka mkati mwa chigaza, maselo ake amasokonekera kagwiridwe ka ntchito ndipo amafuna mphamvu zambiri kuti abwerere m'malo pa nthawi imene magazi opita ku ubongoko achepako. Sipafunika bala, sipafunika magazi kutuluka, olo kugundidwa pamutu penipeni sikofunika, munthu akakugunda mwamphamvu pachifuwa kapena paphewa mutu n'kukhutchumuka zimakwana. Ndipo mukapita naye kukajambula mutu ndi makina a CT nthawi zambiri amati palibe chilichonse, chifukwa makinawo amaona magazi otayikira ndi fupa losweka, saona kusokonekera kumeneku.

Nde mutu ndi mtima zikukumana pati?

Apa nde pagona nkhani. Mtima uli ndi kachipangizo kake kachilengedwe komwe kamauyambitsa kugunda, koma liwiro lake, mphamvu yake, ndi BP, zimalamulidwa kuchokera kumutu, makamaka kumunsi kwa ubongo kumene umalumikizana ndi msana, cha kunkhongoku. Kumeneko kumachokera mitsempha yomwe imayendetsa zinthu zimene sitichita kuganizira, kupuma, thukuta, kugaya nsima m'mimba, kukula ndi kuchepa kwa kamwana ka diso, kufinya ndi kumasula mitsempha ya magazi. Achipatala amaitcha autonomic nervous system.

Ili ndi mbali ziwiri ndipo zimagwira ngati wakabaza wa njinga yamoto pa msewu wopita ku Mtunthama, dzanja pa moto phazi pa buleki. Mbali ya sympathetic ndi moto, imathamangitsa mtima, imakweza BP, imatulutsa thukuta. Mbali ya parasympathetic ndi buleki, ndipo mtsempha wake waukulu ndi vagus womwe umatsika kuchokera kunkhongo kudutsa m'khosi mpaka ku mtima ndi m'mimba. Munthu wabwinobwino ziwirizi zimapatsirana mpata sekondi iliyonse osadziwa mwini wake. Concussion ikachitika kupatsirana kuja kumasokonekera, ena moto umakhala wokwera olo atangokhala pansi, ena buleki imachedwa kugwira akasiya kuthamanga, enanso mtima suyankha bwino pamene thupi likufuna kuti uyankhe. Mtimawo ulibe vuto, amene wasokonekera ndi woyendetsa.

Palinso china chomwe anthu ambiri sadziwa. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi lonse koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya oxygen yense, nde uli ndi njira yake yosungira magazi ofika kwa iwo kuti asachuluke asachepe olo BP ikwere kapena itsike. Mitsempha ing'onoing'ono ya muubongo imafinya kapena kumasuka yokha malinga ndi BP komanso kuchuluka kwa carbon dioxide m'magazi. Pambuyo pa concussion njira imeneyi imafooka kwa masiku kapena masabata, n'chifukwa chake mnyamata akangoyamba kuthamanga BP n'kukwera, mutu umayamba kuwawa ngati ukufuna kuphulika.

Zimaoneka bwanji kwa wosewerayo?

Tiyerekeze difenda wa zaka 19 wagundana mitu ndi sitiraika pa kona Lamlungu. Lolemba akuti mutu ukuwawa pang'ono basi. Lachitatu amayi ake amutuma kukatunga madzi kumjigo, wapopa kangapo, wayima, wagwira chitsulo chija ndi manja onse awiri, nkhope yatuwa, thukuta lili kamukamu pamphumi pamene kunja sikunatenthe, akuti mtima ukugunda mpaka akuumva m'makutu. Wakhala pansi pang'ono zatha. Usiku sakugona, akungotembenuka. Akadzuka pa mphasa mofulumira akuona mdima. Anzake akumuseka kuti wafooka, ena ayamba kale kunena kuti timu ija inabwera ndi mankhwala, agogo akuti timutengere kwa asing'anga. Zimenezo ndi zizindikiro za concussion, sizachilendo ayi.

Zina ndi nseru, befu pa ntchito yochepa, kutopa kosadziwika bwino, manja kuzizira, kudana ndi kuwala kwa dzuwa kapena foni, kukwiya msanga.

Mdima wa podzukawo umabwera chifukwa chani?

Munthu ukaimirira magazi pafupifupi theka la lita amatsikira kumiyendo ndi m'mimba. M'khosi ndi mu mtsempha waukulu wochoka ku mtima muli timasensa, ma baroreceptor, timene timamva kuti BP yatsika n'kutumiza uthenga kunkhongo kuja, ndipo pa masekondi ochepa mitsempha ya m'miyendo imafinya, mtima umawonjezera pang'ono, magazi n'kupitiliza kufika kumutu. Uthengawo ukachedwa kapena yankho likapitirira muyeso munthu amachita chizungulire, kuona mdima, mwina kugwa kumene. Ena BP imatsikadi. Ena BP imakhala pomwepo koma mtima umathamanga kwambiri, ndipo zikakhalitsa achipatala amazitcha POTS.

Koma si chizungulire chilichonse chomwe ndi cha magazi. Mkati mwa khutu muli ziwalo zothandiza munthu kuima bwino ndipo nazonso zimagwedezeka, khosi nalo likavulala limabweretsa chizungulire ndi mutu. Kusiyanitsa kwake mwachidule: akamati zinthu zikuzungulira akatembenuza mutu kapena akatembenuka pogona, ganizirani khutu, akamati ndikuona mdima ndikaimirira koma ndikakhala pansi zikutha, ganizirani BP ndi mtima.

Timu yathu ilibe makina aliwonse. Tingayeze bwanji?

Zala ziwiri ndi wotchi ya pa foni basi. Mugoneke chagada kwa mphindi 5 pamthunzi. Ikani chala cholozera ndi chapakati pamkono cha kumunsi kwa chala chachikulu, osagwiritsa ntchito chala chanu chachikulu chifukwa nacho chimagunda mudzawerenga zanu zomwe. Werengani kugunda kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Kenako aimirire, inu muli pambali pomugwira akafuna kugwa, muwerengenso patatha mphindi 1, mphindi 3, 5 mpaka 10 ngati akupirira, asamayendeyende kapena kugwedeza miyendo.

Munthu wamkulu atapuma mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, osewera olimba thupi amatsika mpaka m'ma 50 kapena 40 ndipo si matenda. Kukwera pang'ono poimirira n'kwabwinobwino. Chomwe achipatala amayang'ana ndi kukwera kwa 30 kapena kuposa kwa wamkulu, 40 kwa wazaka 12 mpaka 19, komwe sikukutsika iye ali chiimire ndipo akumva zizindikiro. Ngati pali makina a BP, kaya kwa neba amene amadwala BP kaya ku health centre, kutsika kwa 20 pa nambala ya pamwamba kapena 10 pa ya pansi mkati mwa mphindi 3 ataimirira ndi chizindikiro chinanso.

Lembani manambalawo mu kope ndi tsiku lake mukaonetse adokotala. Ndipo makochi, ine ndimati yezani anyamata anu onse sizoni isanayambe ali bwinobwino, chifukwa 84 kwa mnyamata amene nthawi zonse amakhala pa 56 ikunena zambiri pamene kwa wina 84 ndi yake ya masiku onse. Koma manambala akakhala bwino sizikutanthauza kuti alibe concussion, musamubweze m'bwalo chifukwa cha zimenezo.

Wotchi yanga ikulemba HRV. Ndi chani, ndingaidalire?

Mtima wabwino sugunda mofanana ndendende, mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake umasinthasintha, ukakoka mpweya umafulumira pang'ono ukatulutsa umachedwa. Kusinthasinthako ndi HRV ndipo kumasonyeza kuti vagus ikugwira ntchito. Ofufuza ambiri apeza kuti imasokonekera pambuyo pa concussion, makamaka munthu akamachita zolimbitsa thupi, ndipo kwa ena imakhala isanabwerere olo iye akuti wachira. Koma imatsikanso ndi kusagona, mowa, malungo, nkhawa ya ngongole ya feteleza. Nde palibe dokotala amene amagamula concussion ndi HRV yokha, ndipo mawotchi otchipa a pamsika aja ine sindingaikepo mutu wa mwana wanga.

Kodi angafe ndi mtima ngati osewera amene timaona akugwa pa TV?

Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana ndipo kuzisakaniza kukhoza kuphetsa munthu. Marc-Vivien Foé wa Cameroon anagwa pakati pa bwalo ku Lyon mu 2003 popanda womugunda ndipo anamwalira, linali vuto la mnofu wa mtima. Christian Eriksen wa Denmark anagwa mu June 2021 akusewera ndi Finland, mtima unaima, anapulumuka chifukwa anamupanga CPR (kudinikiza pachifuwa kuti magazi aziyendabe) ndi kumuwomba ndi makina a magetsi pomwepo. Damar Hamlin wa mpira wa ku America mu January 2023 anagundidwa pachifuwa pa nthawi yolakwika ya kugunda kwa mtima, mtima n'kusokonekera. Onsewa si concussion.

Nde wosewera akagwa yekha popanda kugundana ndi munthu, sakuyankha, sakupuma kapena akungokoka mpweya mwa apo ndi apo ngati akuliza mkonono, musataye nthawi ndi kumuthira madzi, kumukupiza ndi jezi kapena kufuna sipuni yoti mumuike mkamwa. Yambani kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina athamangire galimoto. Kusokonekera kwa mtima kobwera ndi concussion wamba kumasautsa koma nthawi zambiri kumatha kokha ubongo ukamachira.

Ndi liti pamene tisadikire, tingothamangira kuchipatala?

Akakomoka olo pang'ono, akayamba kuphupha ngati wakhunyu, akamasanza mobwerezabwereza, mutu ukamawawirawawira osatsika, akamaona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi kapena kufooka kwa mkono kapena mwendo, khosi kuwawa kwambiri, kusokonekera kukamakula, kuchita ukali kosadziwika, tulo tomwe mukumudzutsa movutikira, kamwana ka diso kena kukula kuposa kanzake, madzi kapena magazi kutuluka m'khutu kapena m'mphuno. Akadandaula khosi kapena ali chikomokere musamunyamule miyendo ndi manja mmene timachitira muja, mutu ukulendewera, wina agwire mutu kuti usagwedezeke.

Chimodzi chokhudza mtima mwachindunji ndipo anthu amachimva mozondoka: mtima ukamagunda pang'onopang'ono kwambiri, BP ikukwera, kupuma kukudukizadukiza, munthu akunka nafooka, sikuti akupeza bwino. Ndi chizindikiro choti mkati mwa chigaza mwadzaza, mwina magazi akutayikira ndipo akupanikiza ubongo. Choopsa n'chakuti munthu wotere akhoza kudzuka pabwalo, kucheza, kudya chipisi pa chiwaya, patatha maola angapo n'kuyamba kutsika. N'chifukwa chake tsiku loyamba asakhale yekha, asakwere njinga yekha kubwerera kumudzi, ndipo amene akugona naye adziwe zoyang'ana. Kuchokera ku Chamama, Santhe kapena Nkhamenya kufika pa chipatala cha boma ndi ulendo kale, ndipo zikafuna kujambula mutu kapena opaleshoni ndiye kuti ulendo wa ku Central ku Lilongwe, makilomita oposa 120 enanso. Kunyamuka msanga n'kofunika kwa ife kuposa kwa a m'tauni.

Akuti ali bho, gemu ndi fainolo, pali mbuzi ndi ndalama. Abwerere?

Ayi. Wosewera amene wagwedezeka ubongo ndi munthu womaliza woti mumufunse, chifukwa chiwalo chomwe akuyankhira ndi chomwe chavulalacho. Christoph Kramer wa Germany mu fainolo ya World Cup ya 2014 anagundidwa mutu, anapitiliza kusewera, kenako anakafunsa lefule ngati imeneyi inalidi fainolo. Loris Karius, goloboyi wa Liverpool mu fainolo ya Champions League ya 2018 ndi Real Madrid, anapanga zolakwa ziwiri zomwe mpaka lero masapota amamunyoza nazo m'mavidiyo sho, madokotala a ku Boston atamuyeza patapita masiku anati anali ndi concussion. Ngati zinadutsa pamaso pa madokotala a matimu amenewo, kuli bwanji pa bonanza pomwe first aid ndi botolo la madzi.

Kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire kumatalikitsa matenda, ndipo kwa achinyamata, olo sizichitika kawirikawiri, ubongo umatha kutupa mwadzidzidzi chifukwa njira yosunga magazi ija yalephereratu, munthu n'kufa. Mu 2024 bungwe la IFAB lomwe limapanga malamulo a mpira linavomereza kuti mipikisano ikhoza kulola kusintha wosewera wina wapadera ngati akuganiziridwa concussion. Okonza ma bonanza akhoza kungogwirizana zomwezo makapiteni asanaponye ndalama, palibe angawaletse.

Nde agone m'nyumba ya mdima mpaka achire?

Kale ankatero, pano ayi, ndipo chomwe chinasintha maganizo ndi nkhani ya mtima yomweyi. Akatswiri atakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana kuti kupuma kukhale kwa maola 24 mpaka 48 okha, ndipo si kugona osadzuka, akhoza kuyendayenda pakhomo, kungochepetsa foni ndi TV. Kugona masiku ambiri kumafooketsa ma baroreceptor aja, magazi amachepa m'thupi, chizungulire cha podzuka chimakula, munthu n'kumaganiza kuti mutu ukuipiraipira pamene ndi mphasa yamudwalitsa.

Ku University at Buffalo ku America, John Leddy ndi Barry Willer ndi amene analimbikira nkhani imeneyi. Amamuyendetsa munthu pa makina othamangirapo, akuwonjezera chitunda pang'onopang'ono, n'kuona kuti zizindikiro zikuyamba mtima utafika pa nambala yanji, kenako amamuuza kuti tsiku lililonse azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 20 ali pansi pa nambala imeneyo. Mu kafukufuku wawo wa 2019 wa achinyamata, amene ankachita zimenezi anachira pa masiku 13 pamene amene ankangodziwongola thupi zinawatengera 17. Masiku 4 akuoneka ochepa koma kwa mwana wa Fomu 4 amene mayeso a MSCE ayandikira si masewera.

Ifeyo opanda makinawo tichite bwanji?

Kuyenda ndawala pa malo osalala, m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa, ndi mnzake pambali. Chotsani zaka zake pa 220, kwa wazaka 20 ndi 200. Masiku oyamba asapitirire pafupifupi 55 peresenti yake, ndiye kuti 110, kenako akwere cha ku 70 peresenti, 140. Aziima n'kuwerenga pamkono. Asanayambe mufunseni kuti pa 10, mutu kapena chizungulire chili pa zingati. Zikakwera ndi 1 kapena 2 n'kutsika pasanathe ola palibe vuto, zikapitirira pamenepo asiye ayesenso mawa mocheperako.

Kuchoka apo amapita pa kuthamanga ndi mpira yekha, kenako training ndi anzake popanda kugundana kapena kumenya hedi, kenako training yonse, pomaliza gemu. Sitepe iliyonse itenge tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo asanafike pogundana akhale alibe chizindikiro chilichonse olo atathamanga, ndipo wachipatala amuone. Kusukulu abwerere kaye asanabwerere m'bwalo. Musaiwale kuti kulima mizere, kunyamula mabelo a fodya, kupalasa kabaza ndi matumba a chimanga ndi zolimbitsa thupi zamphamvu kuposa training, makamaka kuwerama n'kudzuka ndi kunyamula zolemera utagwira mpweya, zimakweza BP mwadzidzidzi. Makolo ambiri amamuletsa mwana mpira n'kumupatsa khasu.

Amwe mankhwala anji? Kamowa pang'ono?

Panado ali bwino pa mutu. Aspirin, brufen ndi diclofenac apewe masiku awiri oyamba chifukwa ngati mkati mukutayikira magazi zimawonjezera. Mowa ayi, kaya ndi Chibuku kaya kachasu, umamasula mitsempha, umatsitsa BP poimirira komanso umabisa zizindikiro zoopsa zija, anthu amangoti waledzera musiyeni agone. Ma energy drink amene anyamata amamwa gemu isanayambe amathamangitsa mtima womwe ukuthamanga kale ndipo amalanda tulo. Chamba chimodzimodzi. Madzi azimwa okwanira, azidya pa nthawi yake, podzuka ayambe wakhala kaye m'mphepete mwa bedi. Za kuwonjezera mchere zomwe mumawerenga pa Facebook zimathandizadi ena a POTS koma adokotala ndi amene anene, kuno a BP yokwera ndi ambiri osadziwa.

Mwina ndi malungo kapena dzuwa chabe?

Zikhoza kutheka, ndipo zikhoza kukhala zonse pamodzi. Mu Okutobala ndi Novembala gemu ya 2 koloko masana imamusiya aliyense wouma kukhosi, mtima ukuthamanga, mutu ukuwawa. Malungo nawo amabweretsa mutu, nseru ndi mtima wothamanga, kuchepa kwa magazi chimodzimodzi. Concussion wamba sitenthetsa thupi, nde akatentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo. Koma mukafika kuchipatala nenani poyera kuti anagundidwa mutu tsiku lakuti, chifukwa mukangoti mutu ukuwawa pa mzere wautali uja akayeza malungo okha, ndipo munthu akhoza kupezeka nawo uku concussion ilinso pomwepo.

Atsikana a netball ndi ana a pulaimale zimawakhudzanso?

Kwambiri. Kugwa chagada n'kumenyetsa nkhongo pa bwalo louma la netball ndi njira yodziwika. Mu mpira wa miyendo ofufuza apeza kuti atsikana amapanga concussion kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo POTS imagwira kwambiri atsikana ndi amayi achitsikana. Vuto ndi loti mtsikana akati mtima ukundithamanga, ndikuona mdima, anthu amathamangira kunena kuti ndi mantha, ndi matama, kapena ali ndi pakati, aphunzitsi n'kumutumiza kukasesa. Ana aang'ono sadziwa kufotokoza, mumangoona akulira msanga, akukana kusewera, akugona m'kalasi.

Patha mwezi sakusintha. Ndiye kuti basi?

Ambiri amachira mkati mwa masabata 2 mpaka 4, achinyamata amachedwerapo kuposa akuluakulu. Zikapitirira masabata 4 sikuti ubongo wawonongekeratu, nthawi zambiri pamakhala chinthu chimodzi kapena ziwiri zomwe zatsalira ndipo chilichonse chili ndi chithandizo chake: khosi, khutu la mkati, maso, litsipa lomwe anali nalo kale, kusagona, nkhawa, kapena mtima ndi BP zomwe takambazi. Bwererani kuchipatala ndi kope la manambala lija, pemphani kuti amuyeze BP ndi kugunda kwa mtima atagona komanso ataimirira, amuyeze kuchuluka kwa magazi, ndipo funsani ngati angaonane ndi a physiotherapy. Ngati anakomokapo ali mkati mothamanga, akumva kuwawa pachifuwa, kapena kubanja kwanu kuli wina amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, nenani zimenezo poyambirira ndipo pemphani amuyeze mtima ndi makina a ECG, asakhudze mpira mpaka zotsatira zitatuluka.